Pansi pa Khola Pamene Anasalaza Malemu Amuna Anga

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wochokera ku Dedza, ndimagwira ntchito kufupi ndi Embangweni. Amuna anga, a Bennet, tawaika m'manda mwezi wathawu. Andisiyira ng'ombe imodzi ya mkaka imene tinagula chaka chomwe kwacha inalowa m'malo mwa paundi.

Asanadwale anaika simenti m'khola. Anali munthu waudongo, choncho anapasalaza mpaka kunyezimira ngati m'chipinda chochezera, nadinda chikhatho chawo pakona simenti ikadali yaiwisi. Tsopano pakagwa ndowe ndi mkodzo pamaterera. Lachisanu ng'ombeyo inatang'adza miyendo n'kugwa, chonsecho ili ndi bere lalikulu. A Jones Zondwayo, amene anandithandiza kuidzutsa, anati, "Mama, ndapota, phwanyani pansi apa. Ikagwaso mbwenu tidya nyama."

Ndawerenga timabuku ta ulimi tonse timene malemuwo anasiya, ndipo ndikudziwa kuti a Zondwayo sakunama. Koma iyi ndiyo ntchito yomaliza ya manja awo. Nyundo ndinabwereka, ili kuseri kwa chitseko. Ndichite chiyani?

F.M., Embangweni

Mayi F.M.,

Pepani ndi maliro. Nyundoyo bwezani. A Zondwayo aona bwino vuto, koma mankhwala awo ndi aukali. Simenti ya amuna anu ndi yolimba, yangosowa pogwira ziboda.

Lero lomwe tulutsani ng'ombeyo, muimange pamthunzi pouma. Kenaka itanani mmisiri abwere ndi tchizulo, aseme timizere tosazama, totalikirana ngati zala zitatu, tolowera kumene madzi amatulukira, ndi tina topingasa pakhomo ndi pokamira. Mkodzo uzitsata timizereto, chiboda chizipeza poluma. Mumuuze kuti pakona pa chikhatho asakhudzepo. Ng'ombe siponda pakona, ndipo mukaikapo mtsuko wokamira padzakhala potetezeka.

Akamaliza, sesani tizidutswa tonse. Pogona yalani udzu wouma kapena utuchi wochindikala. Palani ndowe m'mawa uliwonse, ndipo nthawi ya dzinja muziwazapo mchenga pang'ono. Popeza inagwa ili ndi bere, alangizi a ziweto aione sabata lino, ngakhale ikudya bwino.

Chenjerani ndi mmisiri wachangu chopitirira. Akakhakhalitsa pansi ponse ngati mwala wonolera, ziboda zidzaperepeseka, ng'ombe n'kuyamba kutsimphina. Muyese ndi phazi lanu lopanda nsapato: ngati pakukulasani, nayonso padzailasa.

A Bennet anasalaza khola lija chifukwa ankafuna kuti ng'ombe yawo izikhala ngati mlendo wolemekezeka. Anangoiwala kuti mlendoyo ali ndi ziboda. Malizitsani ntchito yawo, mayi, kuti kathole, kamwana ka ng'ombeyo, kakabadwa kadzaimirire pa simenti yomweyo.