Kabudula ndi Galu wa Adona

Domwe,
Junyu, 1972

Tarsisio, mlongo wanga,

Landira moni wochokera kwa ine mchemwali wako Rufina. Kodi uli bwanji kumeneko kwa amalume? Chifuwa chija chinakusiya, kapena ukuyendabe wopanda malaya ngati kale? Kuno chisanu chabwera ndi ukali, m'mawa udzu ukumayera mbuu, ana milomo yang'ambika. Amayi ali bwinoko, koma mawondo ndi omwe aja. Inês watalika, Marko wamera mano ndipo akuluma aliyense.

Alamu ako ndiye sali bwino. Awatsekera m'kalaboso ku posito ya boma, ndipo chiyambi cha mlandu wawo ndi agalu. Usaseke iwe, ndimakudziwa. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, ndipo usapatse munthu wina kuti akuwerengere.

Ukudziwa kuti alamu akowo a Romano amagwira ntchito pabwalo pa mzungu wa kantina, sitolo ija. Utangochoka iwe, adona ake a mzunguyo anabwera ndi kagalu kuchokera ku Beira, koyera, kaubweya wopotana, dzina lake Boneka. Kagalu kogona pampando, kosambitsidwa ndi sabawu wonunkhira amene ine sindinamugwirepo chibadwire. Adonawo alibe mwana, ndiye chikondi chonse chinathera pamenepo. Sindikuwanena, ndikungokuuza mmene zinalili.

Mwezi wathawu Boneka anafika msinkhu. Kumbuyo kunatupa, timadontho ta magazi tinayamba kugwera pasimenti, iye n'kumangodzinyambita, chakudya osachifuna. Adona anadziwa chimene chikuchitika. Anaitana a Romano n'kuwauza kuti aka n'koyamba, galuyo akadali mwana, akatenga bere tsopano thupi lake silingapirire. Anati ulendo wina adzapita naye okha ku Vila Coutinho kwa galu wa mtundu wake, koma pakali pano galu wamphongo aliyense asamuyandikire. Anamusokera kathewera, n'kumutsekera m'chipinda chosungira matumba. Mfungulo anapatsa alamu ako.

Ndiye agalu! Tarsisio, sindinkadziwa kuti Domwe ali ndi agalu ochuluka chotero. Fungo linawaitana kuchokera kumidzi yonse, amphere, otsimphina, odukaduka makutu, ena oti sitinawaonepo. Anazinga mpanda wa kantina, kukodzera nsanamira iliyonse, kulumana mpaka magazi. Anthu ogula mchere ankachita kuopa kulowa. Alamu ako ntchito inasanduka yogenda agalu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, phewa mpaka linatupa.

Akabwera kunyumba, fungo lija linkabwera nawo pazovala. Kabudula, galu wako uja unandisiyira, ankawanunkhiza miyendo, kenaka n'kukhala pansi kumalira akuyang'ana njira ya ku kantina. Analeka kudya, galu wosusuka uja. Ndinamumanga ndi luzi, anatafuna. Ndinamumanga ndi waya, khosi linachita chilonda, ine chifundo n'kundigwira, n'kumumasula. Sindinamalize n'kupinda waya komwe, iye anali atatha kale phiri.

Masiku oyamba Boneka yemweyo sankawafuna. Galu akasuzumira pansi pa chitseko, ankamulandira ndi mano. Kenaka magazi aja anachepa, n'kusanduka ngati madzi, ndipo a Romano anaganiza kuti zatha. Apa ndi pamene tinalakwira. Kani magazi akamaleka m'pamene galu wamkazi amayamba kufuna, amasiya kuluma, amaima chilili n'kupatutsa mchira. Ngakhale ine sindinkadziwa. Agalu athu amathana okha kutchire, ife timangoona bere. Ndani kuno anayamba wakhalira galu pakhomo ngati namwali?

Tsiku limenelo mzungu ndi adona anapita ku Vila Coutinho. Boneka anali atalira nthawi yaitali mumdima muja, kukanda chitseko mpaka zikhadabo kutha. Alamu ako ukuwadziwa mtima wawo, sapirira kulira kwa chinthu. Anamutsegulira kuti aothereko dzuwa m'kati mwa mpanda, anamuvula kathewera kaja kuti akachape, n'kutsikira kuchitsime.

Kabudula anali atakumba kale pansi pa mpanda, kuseri kwa nkhuni. Pobwera kuchitsime, a Romano anawapeza atagwirana kale, wina kuyang'ana uku, wina uko.

Iwe unaweta ng'ombe, ukudziwa kuti agalu akatero umangowasiya, amamasukana okha. Alamu akonso amadziwa zimenezo. Koma nthawi yomweyo anamva galimoto ya mzungu ikukwera chitunda, ndipo nzeru zonse zinathawa. Anawathira madzi a mumtsuko, osatheka. Anawakuwiza, osatheka. Ndiye anagwira Kabudula miyendo yakumbuyo n'kukoka ndi mphamvu zawo zonse.

Akuti Boneka analira ngati khanda, mpaka amayi a pachigayo anathamanga poganiza kuti mwana wapsa ndi moto. Anang'ambika m'kati. Adona potsika m'galimoto anapeza galu wawo akudzikwekwereza pansi, a Romano ataima pomwepo manja ali magazi okhaokha. Kagaluko sikanathe sabata. Anakaika m'bokosi, pansi pa mtengo wa pichesi, adona akulira mosatonthozeka.

Koma ndabwerera m'mbuyo, ndikuuze za tsiku lomwelo. Kabudula nayenso anavulala, analephera kuthawa, anangobisala pansi pa ngolo. Mzungu anatenga mfuti kuti amuombere. Kukhala kuti anaomba, bwenzi lero ndikukulembera za galu wakufa basi, alamu ako atangochotsedwa ntchito. Koma pakhonde la kantina panali sipayo, wapolisi wa ku posito, akumwa, ndipo sipayoyo ndi Patrisio, yemwe uja munkadyera naye mbale imodzi kubusa. Iye ndi amene anagwira mzungu mkono. Anati galu ameneyu akumudziwa, ndi wa Tarsisio, mnyamata amene anathawa ataitanidwa ku utropa, usilikali wa boma. Anati galu wotere saphedwa, amapita naye kwa shefi, mkulu wa posito.

Anawatenga onse awiri, munthu ndi galu, chingwe chimodzi. Ku posito alamu ako anawamenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera lija, kuti anene kumene uli. Iwo anangoti galu ndi wawo, ndipo kumene kuli mlamu wawo sakukudziwa. Anawamenyanso mawa lake, yankho linali lomwelo.

Kenaka shefi anandiitanitsa ine. Analankhula mofatsa, Patrisio akumasulira. Anati za galu wa adona n'zazing'ono, akhoza kuziiwala. Anati tsiku limene iwe udzaonekere pa posito, mwamuna wanga adzagona kunyumba. Ukapanda kubwera, awatumiza ku Tete ngati munthu wothandiza anyamata a m'tchire omenyana ndi boma. Amene anapita ku Tete ndi mlandu umenewo, ndiuze mmodzi amene unamuona atabwerera.

Sindikubisira, Tarsisio, ndinakukwiyira koopsa. Njira yonse yobwerera kunyumba ndinkakutukwana mumtima. Ndinati iye akudya bwino kwa amalume, ine kachewere akuolera m'munda wopanda wokumba naye, ana akufunsa bambo awo. Ndinati anathawa yekha, bwanji sanathawe ndi galu wakeyo? Ndinaganiza zokuitana. Ndinakonza ndi mawu omwe, oti amayi adwala kwambiri ubwere msanga, ndipo ndikudziwa kuti ukanabwera ukuthamanga.

Ndinapita kukawauza a Romano maganizo angawo. Manja awo atupa ngati maungu, zala sizipindika, chakudya ndimachita kuwadyetsa ngati Marko. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati ndikakuitana, ukwati wathu wathera pomwepo, ngakhale atatuluka sadzapondanso pakhomo panga. Anati wothawa utropa akagwidwa masiku ano samupatsa yunifolomu, amamufunsa mafunso mpaka kumumaliza. Anati iwo ndi amene anatsegula chitseko, iwo ndi amene anakoka galu, ndiye mwana wa eni afere chiyani? Ndinawakalipira kuti nanga ana awo si ana a eni? Iwo anangotsegula pakamwa kuti ndiwapatse nyemba zina.

Potuluka ndinakumana ndi Patrisio. Mowa umamumasula lilime, paja ukumudziwa. Anandiseka, nati ndisavutike n'kukuitana, iwo apeza kale mthenga. Anati mudzi wonse ukudziwa kuti Kabudula amasowa masiku angapo n'kubwera mimba ili tantha, ndipo palibe amene amamudyetsa chotero kupatula mwini wake. Anati akungodikira kuti chilonda chipole. Akumumana chakudya dala, kuti akadzamumasula pachingwe chachitali adzalunjike kwa iwe, iwo ali pambuyo atavala zovala wamba. Ndinati kumeneko ndi ku Malawi. Iye anati malire ndi msewu chabe, ndipo msewu sugwira munthu mwendo.

Mayo ine! Ukudziwa wekha kuti zimenezo n'zoona. Galuyo njira ya kwa amalume amaidziwa kuposa ine, ndipo akanakafika n'kukudumphira pachifuwa pamaso pa onse.

Anali atamumanga pamtengo wa bulugamu kuseri kwa posito, nthiti zikuwerengeka. Atandiona anaimirira movutika, n'kuyamba kugwedeza mchira.

Tsopano tamvera, mlongo wanga, chifukwa chimene ndakulembera ndi ichi. Kabudula ndamupha ine. Usadzamve kwa wina kuti anafa ndi chilonda kapena njala.

Ndinatenga mankhwala a makoswe aja timaika m'nkhokwe, ndinawakulunga m'kanyama ka nkhumba, n'kubisa pansi pa mbale ya alamu ako. Sipayo wa pachipata anandiseka kuti mkazi wopusa, mwamuna ali m'kalaboso iye akudyetsa galu amene anamumangitsa. Kabudula anameza osatafuna. Anandinyambita zala, n'kugoneka mutu pamwendo panga monga ankachitira ndikamasenda nyemba. Ndinamusisita m'makutu pang'ono, kenaka ndinanyamuka. Sindinacheuke, ndipo sindinadikire kuti ndione. M'mawa mwake ndinaona akaidi akumukokera kudzala.

Galu sanalakwe kanthu, Tarsisio. Anangotsata fungo monga galu aliyense, ndipo anakukonda. Zala zanga ndazisamba ndi phulusa, ndi mchenga, koma ndikamadya ndimamvabe lilime lake.

Tsiku lomwelo shefi anandiitanitsa, koma sanandifunse chilichonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anauza Patrisio kuti andiuze kuti galimoto ya ku Tete inyamuka mawa, ndipo mwamuna wanga akwera. Nditawanong'oneza a Romano zimene ndachita, anati ndachita bwino, ndipo anapempha kuti ndiwabweretsere bulangete lathu lija, poti m'galimoto mumazizira.

Ndiye pempho langa ndi ili. Usabwere. Ngakhale umve kuti amayi akumwalira, ngakhale wina akulumbirire kuti alamu ako awamasula ukangoonekera, usabwere. Chokanso kwa amalume sabata ino, Patrisio amakudziwa kumeneko ngakhale popanda galu. Pita kutali, kuminda ya fodya, kumene kulibe amene amadziwa nkhope yako, ndipo usandiuze ngakhale ine kumene uli. Sindikudziwa ngati ndingapirire mbalamatodya monga apiririra alamu ako.

Ndikukudziwa, ukawerenga izi magazi akuwira, ufuna kubwera kudzadzipereka kuti uoneke mwamuna. Ukatero ndiye kuti manja a Romano aphwanyikira chabe, galu wafera chabe, ine ndataya mwamuna ndi mlongo yemwe. Za Kabudula ukafuna kundikwiyira kwiya, ngakhale osandilankhulanso. Koma ukwiye uli moyo.

Upereke moni kwa amalume ndi azakhali, uwathokoze pokusunga. Uwauze kuti amayi sakudziwa zonse, akudziwa zoti mkamwini wawo ali ku posito basi, ndipo zikhale choncho. Kalatayi yabwera ndi munthu wogulitsa kachewere amene ndimamukhulupirira, ukawerenga uiotche. Mulungu akutsogolere kumene upiteko, akubise kwa okufuna.

Ndilekere pano. Bulangete lija lang'ambika pakati, ndiyenera kulisoka lisanade, kuti alamu ako anyamuke nalo.

Ndine mchemwali wako,
Rufina