Mwendo wa Achimwene ndi Swaumu

Zolozolo, Mzuzu
24 Febuluwale 1994

Okondedwa Bambo,

Asalamu alaikum. Kaya muli bwanji ndi Amayi ku Ntajako? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Kuno nkhani ndi chisankho basi. Mvula nayo sikukata, moti zitenje zanga kumsika zimakhalira kufundidwa pepala.

Achimwene a Muhsin awachotsa chikhakha Lolemba, patatha miyezi iwiri chigwereni pa lole ija popita kumsonkhano wa chipani. Fupa lalumikizana, koma mwendowo nditauona ndinalira. Watsala ngati mpini wa khasu.

Namwino wina, Mayi Lettie, anatikhazika pansi ine ndi alamu a Maryamu. Anati munthu akadya nyemba, dzira kapena usipa, pakapita ngati ola thupi limayamba kumanga minofu. Ntchitoyo imagwirika chomene, mmene ananenera iwo, kwa maola awiri kapena atatu, kenako imazilala ngakhale m'mimba mukhale modzaza. Anati zili ngati amisiri: ungawaunjikire njerwa zambiri bwanji, nthawi yawo ikakwana amaweruka. Choncho achimwene azidya pang'onopang'ono kanayi pa tsiku, uku akuyendetsa mwendowo.

Vuto ndi lakuti achimwene akumanga swaumu. Tsiku lonse m'kamwa mouma, dzuwa likalowa pofutulu n'kudya mbale ziwiri ngati akulipsira, daku ya m'bandakucha osaifunanso poti akhuta. Akuti chakudya n'chomwecho, kaya udye kamodzi kaya kanayi. Ndinawafotokozera za amisiri zija, iwo anandifunsa kuti udokotala ndinauphunzira liti pogulitsa zitenje. Ndinapsa mtima mpaka ndinamenyetsa chitseko, mundikhululukire.

Alamu anapita kwa ashehe. Ashehe anabwera okha kunyumba n'kuwauza kuti wodwala amaloledwa kumasula, masikuwo n'kudzabweza akachira. Achimwene anayankha mwaulemu ndithu kuti wodwala ndi mwendo, osati iwo. Kenako anati chiyambireni kumanga ali ndi zaka khumi sanadumphitsepo tsiku, ndiye inu Bambo mukamva adzakuyang'anani bwanji.

Apa ndiye pagona nkhani, Bambo. A Stambuli, eni sitolo imene achimwene amanyamulako matumba, anena kuti malo awo awasungira mpaka Idi ikadutsa. Akadzalephera kusenza thumba la shuga alemba wina. Ndi mwendo umenewu sangasenze ngakhale ndowa yamadzi. Ndikamagulitsa kumsika ndimangodzuka, kukhala, kudzukanso, osadziwa chogwira.

Pempho langa ndi limodzi. Alembereni kalata ndi dzanja lanu, muwauze kuti amasule ndipo inu simuchita nawo manyazi. Musatume Amayi kapena amalume, awo angowaseka. Namwino, ashehe, alamu, tonse talephera. Munthu amene amamuopa ndinu nokha. Kalatayo muipereke kwa kondakitala wa basi, ya papositi ingafike mwezi wa Idi utaoneka kale.

Mundiperekere moni kwa Amayi, azakhali, amalume a Wahid ndi ana onse. Alamu akuti moni wambiri. Mdzukulu wanu Munirah nayenso akupereka moni. Dzulo anathamangira bambo ake kukawadumphira monga amachitira kale, onse awiri anagwera pakhonde. Achimwene anaseka, koma mwana sanaseke. Lero m'mawa ndamuona akuwatengera ndodo yoyendera popanda womutuma.

Ndine mwana wanu wodikira yankho,
Lehema