Achita Matama

Amayi,

Kodi muli bwanji kumeneko? Funsoli ndi la mwambo chabe. Kalata ino ndi dandaulo, lochokera kwa munthu wa madigiri awiri amene mwamuchititsa manyazi pagulu.

Mlandu wake ndi nyimbo yanu ija. Lamlungu lililonse pomuluka tsitsi mdzukulu wanu Tadala, mutamupana m'miyendo, munkaimba kuti "achita matama, achita matama," mwana n'kumaseka mpaka kuiwala kuti chipeso chikupweteka. Nditakufunsani kuti ndi ya kuti, munati, "Nyimbo saifunsa kwawo, si mkamwini." Poti mawu ena onse sankamveka, ndinangoti ndi Chingoni. Ndiye pa mwambo wa maliro anu kunja kuno ku Edmonton ndinaimirira, n'kuuza tchalitchi chonse kuti imeneyi ndi nyimbo ya makolo athu a ku Ntcheu. Amayi ena analira. Wina anati agogo ake ankaiimbanso.

Chichokereni inu, Tadala anakana kuti munthu amugwire m'mutu. Popanda nyimbo ya agogo, toto. Ine mukundidziwa, munkati mawu anga amabalalitsa nkhuku. Ndinayesabe, iye n'kungoti, "That's not it, Mummy," n'kukadzitsekera kubafa. Tsitsi linapotana ngati chisa, aphunzitsi ake anayamba kundiyang'ana ndi diso lija. Koma choipitsitsa n'chakuti tsiku lina anandiuza kuti nayenso wayamba kuiwala mmene inkayambira. Ndinaimbira azakhali ku Ntcheu, ndinafunsa amayi a kwaya ku Woolwich. Palibe woidziwa, ngakhale uja wa agogo ake. Ndinati basi, nyimbo tinaikwirira pamodzi ndi mwini wake.

Loweruka lapitali tili pamsika ku Greenwich, tikudutsa pomwe mayi wina wa ku Japan amagulitsa zakudya, mwana anangoima chilili. "Agogo!" Pa sipika, Amayi. Nyimbo ya makolo athu a ku Ntcheu, akuiimba atsikana awiri a ku Japan a timawu ta timba! Mayiyo anationetsa chithunzi chawo pafoni: ovala mofanana, timaliboni m'mutu. Komanso si yoyambirira ayi, akuti ndi remix. Chimbale chonsecho ndi nyimbo zawo zakale zophikidwanso, ngati ndiwo za dzulo zothira tomato wina. Yanuyo ilimo kawiri, yodumphadumpha ndi yodekha. Inu munatola yodekha.

Pomwepo ndinakumbukira mtsikana wa ku Japan uja munkagwira naye ntchito ku care home, kosamalira okalamba kuja, amene ankakupatsani lifiti pa kagalimoto kake. Umboni wakwana, Amayi. Musakane.

Ndinafunsa mayi wa pamsikayo kuti akuchita matamawo ndani. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Akuti mawuwo ndi "ashita mata ne," kutanthauza kuti tionananso mawa. Ndinayamba kufunafuna kanthu m'chikwama, poti munthu wa madigiri salira pamsika.

Lamlungu Tadala anabwera yekha ndi chipeso ndi mafuta, n'kukhala pansi pakati pa miyendo yanga. Ndinaika yodekhayo. Mizere yanga ndi yokhota ngati msewu wa Khwekhwerere, koma mutu walukidwa, ndipo mwana akudya, akuseka. Iye akuimbabe "achita matama." Akuti a ku Japanwo ndi amene akulakwitsa.

Zina n'zakuti mpongozi wanu, mkazi wa Limbani, anachira. Ndi mwana wamkazi, amupatsa dzina lanu, ndipo pakamwa ndi inu ndithu. Nkhwani wanu wa pakhonde nkhono zamaliza, ndiye musafunse.

Tsopano chipepeso. Choyamba, muwayendere kumaloto amayi onse analira tsiku lija, mmodzimmodzi, muwafotokozere nokha za Angoni a timaliboni. Muyambe ndi uja wa agogo ake. Chachiwiri, mudutsenso kwa ine mundiphunzitse kuwongola mizere. Mukazengereza, ndibwera pamanda panu ndidzaimbe ndekha, mavesi onse, mpaka anzanu kumeneko akudandaulireni.

Ine ndikulonjeza kuti Lamlungu lililonse nyimboyi izimveka m'nyumba muno, molakwika momwemo.

Tionananso mawa, Amayi. Osati mawa lenileni, musandiyalire mphasa. Ndili ndi mutu woti ndiziluka.

Ndine mwana wanu wokukondani, koma wokwiyabe,
Thokozani