Dzenje la Njerwa Kuseri kwa Sukulu

Lachinayi, Febuluwale. Tsiku lolemera.

Lero ndabwerera m'kalasi koyamba chiikireni maliro a Esinati, wophunzira wanga amene anamira m'dzenje lomwe anakumbamo dothi la njerwa. Mwatsoka, phunziro la Chingerezi linali la madzi odikha. Ndinafotokoza kuti puddle ndi chithaphwi cha mvula, pond ndi dziwe laling'ono, pool ndi posambira.

Malita, amene ankakhala desiki imodzi ndi Esinati, anakweza dzanja. "Madamu, nanga muja anafera Esinati timati chiyani?"

Oumba njerwa ankati ndi chithaphwi chabe. Ana ankapayesa posambira.

Ndamuuza kuti ndimuyankha mawa. Dzenjelo silinakwiriridwebe, ndipo mvula yayambanso.