Botolo la Mano

Lachitatu, kwathu ku Makhuwira. Kwatentha tsiku lonse, ndipo chakudya chandikanika.

Kusukulu ya udokotala wa mano anatiuza kuti pochokera kutchuthi aliyense abweretse mano ozulidwa kale, oti tiziphunzirirapo kuboola ndi kumata tisanakhudze m'kamwa mwa munthu. Adokotala a pachipatala chathu anandisungira m'botolo. Amene anandiperekeza kokatenga ndi Esinta, mnzanga wa kuyambira sitandade wani. Botololo ananyamula yekha pakabaza, akuseka kuti dzino lina ndi lalikulu ngati la mvuu.

Lero pamjigo azimayi asuntha zidebe zawo nditangofika. Pobwerako ndapeza amayi anga ali pakhonde ndi azimayi awiri a kutchalitchi, botolo lili pakati pawo. Akuti mudzi wonse wamva kuti ndinakhwimira mano a anthu kuti andisankhe kusukuluko.

Ndati, "Muitaneni Esinta, akufotokozereni."

Wabwera, maso ali pansi. "Ine ndinangoona mano, amayi. Zimene amachita nawo sindikuzidziwa."

Mmodzi wa azimayiwo wamufunsa, "Nanga si ndiwe unatiuza, mwanawe?"

Esinta wangotembenuka n'kumapita. Mayeso tinalemba limodzi, iye sanasankhidwe. Tsiku limene ndinasankhidwa anandivinira mpaka fumbi koboo, ine n'kumati ndili ndi mnzanga.

Amayi akuti botolo lisagone m'nyumba muno. Madzulo ano ndalikwirira kuseri kwa khola la mbuzi, ndikucheukacheuka ngati mfiti yeniyeni. Ndipo ngati wina wandiona ndikukumba...