Mwala wa ku South Bend

Lamulungu, 4 Meyi 2025

Tabwerako ku South Bend. Maola awiri ndi theka pamsewu, ine pachiwongolero, mkazi wanga Vainess pambali. Mapemphero a Amalawi mwezi uno anali kwa Mervin. Nyumba yakeyake, osati ya lendi. Wogawa mankhwala pachipatala, madigiri awiri, mkazi alibe. Anaphunzira limodzi ndi mkazi wanga ku Zomba ine ndisanamudziwe.

Pabalaza pake thanki ya madzi a mchere, yaitali ngati bokosi la maliro. Nyali zabuluu. Miyala yapepo, pamwamba pake timaluwa tamoyo togwedezeka, akuti makorali. Tinsomba tiwiri ta mizere yoyera, tosakwana ndiwo za mwana.

Nyimbo zitatha anthu anapita ku chakudya. Vainess anakoka mpando n'kukhala pamaso pa galasi. Ndinayang'ana wotchi. Mphindi makumi anayi. "Apa ndiye mtima ungakhale pansi." Anatero osandicheukira. Kwathu kuno ku Lawrence akachoka ku shifiti amangovula nsapato n'kukagona. Chipitireni mwana wathu Upile ku koleji nyumba ili zii.

Ndipo Mervin amamuitana kuti Vai. Osati alamu. Vai.

Ambuye, ndapemphera m'nyumba ya munthu uku ndikumuwerengera mipando.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndigula yanga.

Pa buleki, m'galimoto yathu yonyamula odwala, ndagugula pa intaneti mpaka batire ya foni kutha. Chizungu chake cha asayansi, ine wa Fomu Folo. Zomwe ndatolapo: thanki yaing'ono kwambiri ndiyo yovuta, madzi ake sachedwa kusokonekera. Madzi a pampopi ayi, pali fyuluta yake. Mchere wa kukhitchini ayi. Ine ndimati ndipulumukira pamenepo.

Ya Mervin ndi magaloni 120. Ndinamufunsa tsiku lija ngati zosandikhudza. Ife tili m'mwamba, pansi pathu ndi matabwa. Ya 120 ingatsikire kwa agogo okhala pansipo, ine pambuyo pake.

Loweruka, 10 Meyi

Sitolo ya nsomba cha ku Beech Grove. Mayi wogulitsa, dzina pachifuwa Sophia, woleza mtima. Ndinaloza nyali yodula, yofanana ndi ya Mervin. Anandifunsa kuti ndikufuna kuweta chiyani. Ndikanati chiyani? Kuti ndikufuna mkazi wanga akoke mpando?

Wandisankhira: thanki ya magaloni 40, hita, pampu yopanga mafunde, fyuluta ya madzi, kachipangizo koyezera mchere. Sikima, makina ochotsa zonyansa ngati thovu, akuti ingadikire. Nyali yapakatikati akuti ikwana. Ndamvera zonse kupatula nyali. Ndatenga yodula ija. Ndalama ya matayala yapita. Tchimoli dzina lake ndikulidziwa.

Chinanso. Nsomba ayi mpaka mwezi kapena kuposa. Madzi ayenera kuyamba apsa, tizilombo tabwino timere m'miyala. Njira yachangu akuti n'kupempha mwala wamoyo kwa mnzako wa thanki yakale, uike m'thanki yako, moyo ufalikire. Ndinamva msanga. Kupala moto kumeneko. Mayi anga ankandituma ndi phale kwa aneba m'mawa uliwonse.

Sophia anafunsa ngati ndili ndi mnzanga wotero. Ndinati ndilibe.

Lachinayi, 15 Meyi

Thanki yaima. Madzi, mchenga, miyala youma ya m'sitolo. Nyali ikuwala bwino zedi, pa chabe. Vainess anaizungulira, anagwira galasi, anafunsa mtengo. Ndinatchula theka. Pofuna kuoneka wodziwa ndinamufotokozera za kupala moto. Ndinadzitchera ndekha. "Nanga mwamufunsa Mervin?"

Osati mwachita bwino bambo. Mervin.

Ndinatsika kukatsuka galimoto yoyera kale.

Loweruka, 24 Meyi

Vainess anapita ku South Bend ndi amayi a mpingo, zokonzekera chinkhoswe cha Pamela wa mumpingo mwathu. Ine kuntchito. Wabwera ndi chidebe chotseka, atachimanga lamba pampando ngati mwana. M'katimo mwala ngati chibakera, wapepo, ndi kachigamba ka timaluwa tobiriwira. Wa kwa Mervin. Akuti anangodutsako. Mphindi zingati sindinamufunse. Ndafunsa Mulungu.

Nkhope yake mbee. Malangizo onse pamtima: usaume, usakhudze madzi a pampopi, timaluwato titseka masiku angapo kenako titseguka. Zomwezo ndinanena ine sabata yatha. Pakamwa panga sizinamveke.

Ndati ukhale kaye m'chidebe ndi hita, ndiyeze madzi.

Lolemba, 26 Meyi

Holide, koma iye ku shifiti. Ndilembe mmene zinachitikira, osakometsa.

Ndinatsegula chidebe. Fungo la matope. Kanyongolotsi kanasuzumira m'bowo n'kubwerera. Ndinadziuza kuti chinthu cha kunyumba ya wina sulowetsa osatsuka, ndi mmene tinaleredwera. Kaunjika timachapa. Mbale ya aneba timatsuka. Sinki, madzi otentha, bulashi, jiki theka la kapu. Ndinauyanika pakhonde mpaka 3 koloko. Kuutsukuluza kanayi, n'kuukhazika pakati pa thanki.

Ukhondo unali jekete chabe. Ndinkadziwa. Sophia ananena, Vainess ananena. Choopsa n'chakuti pokwecha paja ndinkaimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo mtima unali myaa.

Wayera ngati fupa. Ndamuuza kuti ndi kutopa kwa ulendo, ubwerera.

Lachisanu, 30 Meyi

Chimene ndinapempha ndalandira. Akangofika amakoka mpando, yunifomu osavula, tiyi m'manja, maso pamwala. Tsiku lachinayi lero. Amandiitana ndikhale pambali pake. Ndimakhala. Mtima wake pansi, wanga m'mwamba.

Mervin anaimba masana. "Achimwene, timaluwa tija tatseguka?" Ndinati tayamba. Wokondwa. Akuti alamu sanalowe n'komwe m'nyumba, anaima pakhomo, amayi awiri akudikira m'galimoto, tiyi anakana. Anangoti bambo akunyumba ali ndi manyazi opempha. Lero ndiye wati alamu. Akuti anathyola pamwala wake woyamba, wa zaka zisanu ndi chimodzi, umene sapatsako aliyense.

Ndinayenera kugwa pansi ndi manyazi. Ndinagwadi, pang'ono. Kenako liwu la nsanje mumtima: sapatsako aliyense, nanga bwanji Vai?

Mundichiritse, Ambuye. Ndekha ndalephera.

Lachiwiri, 3 Juni

Mgonero Lamulungu likudzali. Dzana abusa anakumbutsa kuti amene ali ndi kanthu ndi mnzake akonze kaye asanayandikire gome. Ankayang'ana kumbuyo, koma ine ndinatuluka thukuta.

Poweruka ndinapita ku Beech Grove kuti ndigule wofanana, ndisinthe mwakachetechete. Ulipo wa timaluwa tobiriwira. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Koma Vainess mwala uja akuudziwa bowo lililonse. Komanso ndikanakhala ndikukwirira bodza ndi bodza la mtengo. Sophia anafunsa ngati ndinapeza mnzanga uja. Ndinagula mchere wosaufuna n'kutuluka.

Upile anaimba. Amayi ake anamuonetsa thanki pafoni. Anaseka, n'kunena m'Chizungu chake kuti adadi agula nyali ya mwala.

Loweruka, 7 Juni

Ndaulula m'mawa uno. Ndinayambira kutali, za ukhondo, za kanyongolotsi. Kenako ndinangonena: mwala uja ndinaupha, dala, chifukwa unachokera kwa Mervin.

Sanachotse maso pagalasi. "Bambo a Upile, jiki ndimagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku. Ndinamumva ndili pamasitepe."

Masiku khumi ndi awiri. Ndinafunsa kuti nanga ankadikira chiyani pampando paja. Akuti poyamba ankafuna aone ndipirira mpaka liti. Kenako anaona kuti zaka zitatu zapita tisanakhalepo pansi limodzi opanda foni, ndiye anasiya kuwerenga. Koma akuti mwalawo unamupweteka. Anaupempha ndi nkhope yake, chifukwa cha ine. Za Mervin anangoti ku Zomba ankamukopera manotsi, basi, ndipo ngati ndikufuna kudwala nazo ndidwale ndekha.

Anaimirira. Anatsukuluza chidebe ndi madzi a m'fyuluta, opanda sopo, n'kuchiika pakhomo, makiyi pamwamba. Iye sapita. Moto ndikapale ndekha, ndipo ndikanene chimene chinazimitsa woyamba.

Ndikulemba ndili ku Kokomo, pothirira mafuta. Theka la ulendo. Matayala akutsogolo osalala, ndikuyenda pang'onopang'ono. Chidebe ndachimanga lamba. Mervin ndamuimbira, akuti ndifike, akuphika. Sakudziwa kanthu. Mwina andipatsa, mwina ayi, zaka zisanu ndi chimodzi si masewera. Mawu ndakonza: achimwene, ndinakulakwirani. Ndayeseza kuyambira ku Lawrence, akutuluka bwino.

Koma akangoti Vai ali bwanji, Ambuye, mundigwire pakamwa, chifukwa liwu lija silinafe.