Bedi la Pawindo

Lolemba, 6 Meyi

Achemwali afika. Sutikesi imodzi ndi jumbo ya nsapato, basi. Akuti abwera kudzapuma. Munthu wapabanja kupuma chiyani, sindinafunse. Alamu sanaimbe foni.

Chipinda changachi ndi chija ukayetsemula umagunda khoma. Bedi langa lalikulu, wadiropu, katebulo ka zipeso ndi mafuta a ku saluni. A kalipentala a khomo lachiwiri andibwereka kabedi ka mwana wawo amene ali kusukulu yogonera komweko. Tayesa uku, chitseko osatseguka. Tayesa uko, wadiropu osatseguka. Mapeto ake takaika kukhoma linalo, mitu yonse mbali imodzi, pakati kanjira koyenda chammbali ngati nkhanu.

Ndaneneratu kuti langa silisuntha. La pawindo ndi langa, lendi ndimalipira ndine. Ndinanena moseka. Iwo sanaseke.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndimayesa tizicheza ngati kale tili ana, amayi mpaka kugogoda khoma kuti tigone. Ayi ndithu. Ndikangoyamba nkhani, iwo tembenu, nkhope kukhoma. Kundifulatira ine! Chodabwitsa n'chakuti akafulatira choncho m'pamene amayankha. "Eya." "Kenako?" Mawu onse kupita kukhoma.

Dzulo ndinati achemwali tandiyang'anani, sindicheza ndi msana ine. Anatembenuka, maso pa ine, akumwetulira. Ndafotokoza yonse ya kasitomala uja anathawa tsitsi litalukidwa theka ataona mwini ngongole pakhomo. Iwo duu. Ndafunsa kuti mukanakhala inu mukanatani? Kumwetulira basi.

Ndalakwa chiyani? Kapena ndi mawu a lendi aja? Mutu wanga sukugwira.

Lachinayi, 9 Meyi

Pobwera ku saluni ndapeza pilo wa achemwali ali kumiyendo. Mutu kuchitseko, kolowera mphepo, pafupi ndi nsapato ndi ndowa. Mapazi awo ndiye kufupi ndi nkhope yanga. Akuti, "Kuno ndiye kwabwino." Kwabwino pa nsapato?

Kunena zoona tinacheza, mpaka anaseka, kuseka kwawo kuja kogwira m'mimba. Koma ine kucheza ndi zidendene sindingathe, ndipo chimfine chikawagwira wogula mankhwala ndine. Ndabweza pilo m'malo mwake.

Lamulungu, 12 Meyi

Lero ndiye zandikwana. Ndangopita kukagula sopo, pobwera kabedi akakoka okha, kali chopingasa, mutu wake kugundana ndi wa bedi langa. Wadiropu osatseguka, zovala zanga zonse m'ndende. Ndinapsa mtima. Ndati nyumba ino ili ndi mwini wake, amene sakukhutira njira ndi iyo.

Ndaitana a kalipentala tibweze. Iwo phwete, akuti, "Mabedi anuwa akuyenda kuposa minibasi." Achemwali anangoima pakona atakumbatira pilo. Mwendo umodzi wa kabedi wayamba kugwedera. Za eni akenso izi.

Madzulo amayi anaimba. Ndawauza zonse, ndathiramo ndi mchere womwe. Chipinda chachepa, munthu sakundilankhula, abwerere kunyumba kwawo. Amayi akuti banja ndi kupirira, alankhula ndi alamu.

Lachiwiri, 14 Meyi

Alamu anabwera ku saluni. Malaya ositasita, mafuta onunkhira, andigulira ndi chakumwa chozizira. Aulemu ngati nthawi zonse, anzanga mpaka kundinong'oneza kuti amuna otere akusowa. Akuti, "Mlamu, mkulu wanuyu wayamba mwano. Ukamulankhula amangokuyang'ana." Ine kuvomera, ndati ngakhale ine ndaziona. Adzawatenga Loweruka m'mawa.

Ndawauza achemwali. Anati chabwino, n'kuyamba kupinda zovala. Osafunsa ngakhale kuti wawaitana ndani.

Ndimayesa mtima ukhala pansi. Sunakhale. Munthu amene anandibereka kumsana, amene ankandisiyira nyama m'mbale mwake, lero ndikufuna achoke. Koma nanga ndayamba ndine? Ngati akudana nane, madzi osamba amandifunditsira chifukwa chiyani? Ngati sakudana nane, msana uja ndi wa chiyani? Sindikumvetsa.

Lachisanu, 17 Meyi

Ndinaweruka msanga kuti ndiwaluke, asabwerere kwa amuna awo mutu uli nyankhalala. Anakhala pansi m'kanjira kaja, ine pa bedi. Ndikuluka mbali ya kumanzere ndinawerama, pakamwa pafupi ndi khutu, ndati pepani achemwali, Lamulungu lija ndinalankhula udyo. Zii. Ndabwereza. Zii. Zinandiwawa, ndati basi, kupepesa sakakamiza.

Nditafika mbali ya kumanja ndinangong'ung'udza ndekha kuti chipeso chaching'ono chapita kuti. Iwo pompo, "Wachikhalira."

Ndabwerera kumanzere, ndawaitana dzina lawo la paubwana lija amadana nalo. Palibe. Ndakweza tsitsi. M'khutu muli kathonje.

Akuti linafa mu Disembala. Mbama imodzi, nkhani yake malaya osasita. Kuchipatala anawauza kuti silidzamvanso. Amayi sakudziwa, palibe akudziwa, manyazi. Amalankhula ngati akunena za khutu la munthu wina.

Mawu awo ndilembe momwe ananenera, ndisadzaiwale: "Ndikagona moyang'ana iwe, khutu lamoyo limakhala pa pilo. Ndikafuna kukumva, ndiyenera kukufulatira. Ine ndimafuna zonse, kukuona ndi kukumva."

Ndiye pilo kumiyendo kuja. Ndiye kabedi kopingasa kaja. Munthu amandifunafuna, ine n'kumaitana a kalipentala.

Ndati bwanji osangonena kuti tisinthane malo? Akuti, "Unati lako silisuntha."

Ndalira mpaka kulephera kugwira chipeso. Iwo ndi amene amanditonthoza. Tsitsi latsala theka, ngati la kasitomala uja.

Loweruka, 18 Meyi

Sitinakoke bedi lililonse. Ndinangonyamula pilo wanga kupita pa kabedi, iwo pa lalikulu. Basi. Zonse zija, thukuta lonse lija. Kabedi n'kakafupi, mapazi anga panja, mwendo uja ukulira ndikangotembenuka. Msana ukuwawa. Zilibe kanthu.

Kutacha ndinapeza akundiyang'ana. Ndanong'ona dala kuti mwadzuka bwanji. Ayankha. Maso pa ine, n'kuyankha.

Ndafunsa kuti mukufuna kupita? Apukusa mutu, kenako akuti, "Koma chipinda chachepa." Mawu anga omwe, amayi anawafikitsa. Ndamasula sutikesi, zovala ndalowetsa mu wadiropu pamodzi ndi zanga, sutikesiyo ndaikankhira pansi pa bedi mpaka kukhoma.

Amayi aimba kawiri, sindinayankhe. Ndiwauza chiyani, poti ndinayambitsa ndine? Lendi ya mwezi uno, pakamwa pawiri, sindikudziwa. A kalipentala ndawapempha kuti lero apalire matabwa awo panja, pafupi ndi khomo langa. Sanafunse chifukwa, angotulutsa benchi.

Alamu ndikawauza chiyani sindikudziwanso. Ndayeserera mumtima, zonse zikubalalika. Chakumwa chawo chija ndinamwa mpaka kutha, ndikuthokoza.

Kugogoda.

Achemwali ali pa bedi la pawindo, akumwa tiyi, khutu lakufalo lili kuchitseko. Sanamve. Ndamva ndine. Asadzuke, ndikatsegula ndekha